"Doubt" ndi "suspect": ndalakwitsa kalata ya kuntchito, ndithandizeni

Nabanda, Chinamwali: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndabwera ndi nkhani yaitali, koma mtima wanga suli m'malo. Ndimagwira ntchito yolemba katundu wolowa ndi wotuluka pamalo ena pomwe tikumanga kuno ku Zomba, kampaniyo sinditchula. Sabata yatha matumba 14 a simenti anasowa m'sitolo. Abwana athu amakhala ku Blantyre ndipo Chichewa sachimva kwenikweni, ndiye timalemberana pa imelo m'Chingerezi. Anandifunsa kuti ine ndikuona bwanji. Mumtima mwanga ndinkamukayikira mlonda wausiku, chifukwa Lachitatu m'mawa ndinapeza loko wa chitseko chakuseri ali wosatseka bwino. Ndiye ndinalemba kuti "I doubt that the night watchman took the cement." Dzulo ndangomva kuti dalaivala wathu amuimitsa kaye ntchito, pomwe mlonda uja sanamufunse n'komwe. Nditawaimbira abwana, akuti ndiwe wemwe unanena kuti mlonda sizikumukhudza. Ine ndinanena liti zimenezo? Aphunzitsi anga a ku Matawale ndikudziwa muli pano, chonde ndiuzeni pomwe ndinaphonya.

Mphunzitsi wopuma, Matawale: Pepa mwana wanga Nabanda. Kunena unanenadi, ngakhale sunafune kutero. Munthu akati "I doubt that he took it", akutanthauza kuti sakukhulupirira kuti anatenga. Mlondayo unamuyeretsa ndiwe. Chomwe unkafuna kulemba ndi "I suspect that he took it."

Koma usadzione ngati mbuli. Zaka zonse zomwe ndinagwira choko, chaka chilichonse ana ankagwera m'dzenje lomweli, ndipo gwero lake lili m'chilankhulo chathu. Tamvera. Tikati "ndikukayika kuti anaba", tikumuchotsa munthuyo pa mlandu. Tikati "ndikumukayikira kuti anaba", tikumuloza chala. Tsinde ndi limodzi, tangowonjezera ka "mu" ndi ka "ir", basi nkhani yatembenuka. Ifeyo sitiona n'komwe kuti tatembenuza, chifukwa tinayamwira. Ndiye mwana akaphunzira kuti kukayika ndi doubt, amangonyamula doubt yemweyo kukamuika ponse pawiri. Chingerezi chili ndi mawu awiri osafanana ngakhale pang'ono. Doubt amakokera ku "ayi", suspect amakokera ku "inde". Ukafuna kudziyesa, chotsa mawuwo uikepo "I don't think" pamalo pa doubt, ndi "I think" pamalo pa suspect. Kalata yako ikanawerengeka kuti "I don't think the watchman took the cement", ndipo ukanadzidzimuka usanatumize.

Nabanda, Chinamwali: Mayo ine. Ndiye kuti munthu wosalakwa ali pakhomo chifukwa cha liwu limodzi langa. Ali ndi ana atatu bambo aja.

Wa fomu 4, Sadzi: Aphunzitsi, nanga "I doubt him" basi popanda that? Ife kusukulu timanena choncho tikamamukayikira munthu.

Mphunzitsi wopuma, Matawale: Funso labwino. "I doubt him" likhoza kuyenda, koma tanthauzo lake n'lakuti sindikukhulupirira zonena zake kapena sindikudalira kuti angathe. Silifika pa kunena kuti anaba. Ndipo siyani kulemba "I am doubting". Eni ake kawirikawiri amangoti "I doubt it" kapena "I have my doubts". Chinanso, b uja satchulidwa. Timati "daut". Anachokera ku Chilatini dubitare kudzera m'Chifalansa, ndipo kale Angerezi ankalemba opanda b. Anthu ophunzira ndi omwe anadzamubwezeramo kuti aoneke kochokera. Ndi chimodzimodzi ndi debt.

Mwana wa mlonda, Chikanda: Ine ndawerenga zonse ndipo ndili ndi dandaulo. Aliyense pano akuthamangira kukonza Chingerezi kuti chala chiloze bwino kwa mlonda. Bambo anga anagwira ulonda mpaka kukalamba, ndipo ndikudziwa momwe zimakhalira. Chikasowa chilichonse, ngakhale supuni, woyamba kutengedwa ndi mlonda. Malipiro ochepa ndi ake, usiku wozizira wa mu Juni kunsi kwa phiri kuno ndi wake, mlandu ndi wakenso. Achemwali a Nabanda, munamuona akunyamula simenti? Matumba 14 a makilogalamu 50 munthu mmodzi angawasenze pamutu usiku umodzi osamveka? Loko wosatseka bwino ndi umboni woti chiyani? Makiyi amasunga ndani?

Nabanda, Chinamwali: Achimwene, sindinamuone. Makiyi a sitolo alipo awiri, ena amasunga kapitawo, ena amakhala mu ofesi. Mlonda alibe. Mwandifunsa mafunso omwe ine sindinadzifunse.

Wa ku Chirunga: Ndilowepo pang'ono, ndikuphunzira zamalamulo pa Yunivesite ya Malawi pompano. Achimwene a ku Chikanda anena mfundo yeniyeni, ndipo ikugwirizana ndi phunziro la aphunzitsi. Mawu awa a Chingerezi ali ngati masitepe, lililonse likusonyeza kuchuluka kwa zomwe ukudziwa.

Munthu yemwe apolisi akumuganizira ndi suspect, ndiye pawailesi mumamva akuti "woganiziridwa". Akamutsegulira mlandu kukhoti amakhala the accused, woimbidwa mlandu. Mpaka khoti litagamula, zomwe akumunenerazo ndi allegation chabe. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu woimbidwa mlandu aziyesedwa wosalakwa kufikira mlandu utamupeza. Ndipo pa milandu yaupandu ngati kuba, boma liyenera kutsimikizira khoti "beyond reasonable doubt", kutanthauza kuti pasatsale chikayiko chomveka m'mutu mwa munthu woganiza bwino. Osati chikayiko chilichonse chongolota ayi, koma chokhala ndi chifukwa. Pa milandu ya pakati pa anthu, monga ngongole kapena malo, muyezo ndi wotsikirapo, amati "on a balance of probabilities", ndiko kuti mbali yomwe nkhani yake ikulemera kuposa inzake ndiyo ipambane.

Ndiye asisi, musangosintha doubt n'kuikapo suspect. Imelo ndi chikalata, mawa ikhoza kuwerengedwa pa bwalo. Mukalemba "I suspect the watchman" mulibe umboni, mwachotsa moto padenga la dalaivala n'kuuika pa la mlonda.

Mwana wa mlonda, Chikanda: Zikomo. Zomwe ndimafuna kunena ndi zimenezo.

Mtolankhani, Mulunguzi: Ku ntchito kwathu mawu awa ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Mwana watsopano akabwera m'chipinda cholembera nkhani, chinthu choyamba chomwe mkonzi amamukhomerera ndi alleged ndi allegedly. Sungalembe kuti munthu "stole" khoti lisanagamule, umalemba "allegedly stole", apo ayi nyuzipepala ilipira chipukuta misozi. Reportedly ndi wofewerapo, akungotanthauza kuti zikumveka choncho koma ife sitinadzionere.

Koma liwu lomwe ndikufuna anthu alisamale ndi claim. Mukalemba kuti "the driver said he was in Liwonde", mwangofotokoza zomwe wanena. Mukalemba kuti "the driver claimed he was in Liwonde", mwamuuza wowerenga mwakachetechete kuti inu simukukhulupirira. Anthu ambiri amalemba claimed poganiza kuti ndi Chingerezi chapamwamba cha said, osadziwa kuti amubaya munthu. So-called nayenso ndi choncho. Ndinaonapo kalata yoitanira anthu ku mwambo italembedwa kuti "our so-called guest of honour", wolembayo akuganiza kuti akulemekeza. Kumeneko ndi kunyoza, ngati kunena kuti "amene akudzitcha mlendo wolemekezekayo".

Namwino, Ndola: Kuchipatala nakonso n'chimodzimodzi. Nthawi ya kolera ija inayamba mu 2022, anthu ankasokoneza suspected case ndi confirmed case. Suspected ndi munthu yemwe zizindikiro zake zikufanana ndi matendawo koma zoyeza sizinatuluke. Confirmed ndiye kuti kulabu atsimikiza. Mukaona m'buku lanu lakuchipatala adokotala alemba chizindikiro cha funso kutsogolo kwa dzina la matenda, ife timawerenga kuti "query", kutanthauza kuti tikuganizira koma tiyeze kaye. Achibale ena akangoona liwu la TB m'bukumo amayamba kulira, osaona kachizindikiro kaja. Ndipo "rule out" ndi kuyeza kuti titsimikize kuti si matenda amenewo.

Wa fomu 4, Sadzi: Pepani ndibwerere ku za mayeso, MSCE yayandikira. M'buku lina ndaona sceptical, pa intaneti ndaona skeptical. Cholondola ndi chiti? Komanso doubtful ndi dubious ndi amodzi?

Mphunzitsi wopuma, Matawale: Onse ndi olondola. Wa c ndi kalembedwe ka ku Britain, wa k ndi ka ku America. M'sukulu zathu tinazolowera ka ku Britain, ndiye lemba wa c, monga momwe umalembera colour ndi centre, ndipo usasakanize m'chimangirizo chimodzi. Katchulidwe ndi ka k ngakhale walemba c. Samala usaiwale c ameneyo, chifukwa septic ndi za bala lomwe lalowa tizilombo, amayi a ku Ndola angakuuze.

Doubtful ndi dubious amayandikana koma fungo lawo n'losiyana. "It is doubtful that the rains will come early" ndi kungonena kuti mwayi wake ndi wochepa, palibe woipa pamenepo. Koma "a dubious deal" kapena "a dubious character" ndiye kuti pali kachinyengo, zinthu sizili bwinobwino. Suspicious ali ndi nkhope ziwiri, ndipo apa Chichewa chimatithandiza. "I am suspicious of him" ndi ine wokayikira. "He looks suspicious" ndi iye wokayikitsa. Enanso omwe amakonda kukola ana pa mayeso ndi incredible ndi incredulous. Incredible ndi chinthucho, chovuta kukhulupirira. Incredulous ndi munthu yemwe wamva n'kulephera kukhulupirira. Komanso wary, wochenjera ndi chinthu, usamusokoneze ndi weary, wotopa.

Mkulu wa mpingo, Domasi: Aphunzitsi, ine sceptical ndimamumva ngati liwu loipa. Kodi si munthu wosakhulupirira, ngati Tomasi uja? Pa Yohane 20 anakana kuti sakhulupirira kufikira ataona mabala a misomali ndi kuikamo chala chake. Ndamva Angerezi amati "doubting Thomas" ponyoza munthu wotere.

Mphunzitsi wopuma, Matawale: Abambo a ku Domasi, "doubting Thomas" anachokeradi pamenepo, ndipo nthawi zambiri ndi kudzudzula. Koma sceptical payekha si mwano. Anachokera ku liwu la Chigiriki skeptikos, lonena za munthu wofufuza, woyang'anitsitsa chinthu asanavomere. Kunali ndi anthu anzeru ku Greece wakale, monga Pyrrho, omwe ankaphunzitsa kuti munthu aziyamba wadikira osafulumira kugamula. Sceptic amati ndionetseni umboni ndivomera. Liwu lomwe mukuliopa inu ndi cynical. Cynic watseka kale mtima, amakhulupirira kuti aliyense amachita zinthu pofuna kudya yekha, ngakhale mumuonetse umboni wotani. Tomasi ataona anavomera pomwepo. Ameneyo sanali cynic.

Mkulu wa mpingo, Domasi: Ndamva kusiyanako, ngakhale ine ndikugwirabe mawu aja akuti odala ndi omwe akhulupirira asanaone. Koma pa nkhani ya simenti ndikuvomera, pakufunika Tomasi.

Anti a ku Leeds: Moni kumudzi. Ndakhala ndikuwerenga ndili pa basi kuchokera ku ntchito. Ine ndimasamalira okalamba kuno ku Britain, ndipo chomwe chinandivuta nditangofika si mawu akuluakulu a m'dikishonale ayi, koma timawu tofewa. Anthu akuno sakonda kukuuza pamaso kuti ukunama. Manijala akakuuza kuti "I'm not so sure about that", iwe umaganiza kuti akukayika pang'ono, pomwe iye wakana kale. "I'm not convinced" ndi chimodzimodzi. "I have some reservations" ndiye kuti pali zomwe sanagwirizane nazo ndipo akudikira umufunse. Akayamba ndi "with respect" kapena "with all due respect", konzeka, akukutsutsa. Mwezi wanga woyamba ndinapereka ganizo pa msonkhano, wina n'kuyankha kuti "Are you sure?" Ine ndinangoti inde n'kupitiriza, osadziwa kuti akundipatsa mpata woti ndibweze ndekha mawu anga.

Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti si zachilendo. Kwathu mpongozi sumuuza kuti mwanama. Umati "kaya, mwina ndi choncho", kapena "tiona", iye amamva yekha. Ulemu ndi womwewo, zovala ndiye zosiyana.

China chomwe chinandidabwitsa: "no doubt" si wamphamvu ngati momwe amaonekera. Akati "No doubt he'll be late", akungotanthauza kuti mwachidziwikire achedwa, monga mwa chizolowezi chake. Ukafuna kutsindika kuti palibiretu chikayiko umati "without a doubt" kapena "there is no doubt that". Ndiponso anzanga ochokera ku India akati "I have a doubt" amatanthauza kuti ali ndi funso. Tsiku loyamba ndinakhumudwa ndikuyesa akundikayikira.

Wakabaza, Mpondabwino: Ine sukulu ndinalekera fomu 2 koma nkhaniyi ndikuitsata. Mwezi watha ndinalandira uthenga pafoni kuti ndawina ndalama, nditumize kaye ya "processing". Kasitomala wanga wina, mayi wa ku koleji, nditamuonetsa anangoti "too good to be true". Ndinamufunsa tanthauzo, anati chinthu chikakoma mopitirira muyezo dziwa kuti pali mbedza. Ndinati aaa, si chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere chimenecho? Ndalama sindinatumize. Mnzanga wa pa siteji pomwepo anatumiza, mpaka lero akulira.

Mphunzitsi wopuma, Matawale: Mwaumasulira bwino kuposa momwe ine ndikanachitira, achimwene. Onjezerani awa m'thumba. Chinthu chokayikitsa amati ndi fishy, kapena munthu amati "I smell a rat". Nkhani yokokera kutali yovuta kuigwira ndi far-fetched. Ndipo akakuuzani kuti mawu a uje muwatenge "with a pinch of salt", ndiye kuti mumve koma musameze onse. Ku America amati grain pamalo pa pinch. Koma awa ndi a pocheza, osawalemba m'kalata ya kwa abwana.

Mtolankhani, Mulunguzi: Pamenepa ndikufuna nditsutsane pang'ono ndi momwe nkhaniyi ikupitira. Zikumveka ngati Chingerezi chili ndi mawu ambirimbiri a chikayiko pomwe ife tili ndi limodzi. Ine ndimamasulira nkhani tsiku lililonse kuchoka uku kupita uko, ndipo nthawi zambiri chomwe chimandisowa ndi Chingerezi. Tamasulirani "kaya". Kaya wa munthu wosadziwa ndi wina, kaya wokweza mapewa ndi wina, "kaya zanu izo" ndi winanso. Tamasulirani "eti?" wa mayi yemwe wamva mphekesera pa mjigo. Nanga "ati"? Kaliwu kamodzi kokha, "ati wagula galimoto", ndipo aliyense wamva kuti wolankhulayo akungopereka zomwe wamva, sakuikapo mutu wake. Mngerezi amafunika apparently kapena supposedly kuti afike pomwepo. Tili ndi manong'onong'o, nkhambakamwa, mphekesera, kupenekera. Makolo anatisiyira ngakhale chenjezo la nkhani zongomva, kuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Mphunzitsi wopuma, Matawale: Sindikutsutsa ngakhale pang'ono. Sindinati Chichewa n'chosauka, ndati malire a mawu sagwera pamalo amodzi. Ndipo cholakwa ndi cha ife aphunzitsi, tinkaphunzitsa ngati kuti liwu lililonse la Chingerezi lili ndi mnzake mmodzi wa Chichewa, mzere uku mzere uku, ana n'kuloweza. Ndikanabwerera m'kalasi lero ndikanayamba ndi ziganizo ziwiri za Chichewa zija, kukayika ndi kukayikira, ana aone okha kuti akudziwa kale kusiyanako. Poti mwatchula supposedly, ana asamusokoneze ndi "supposed to". "He is supposed to lock the door" ndi udindo wake kutseka. "He supposedly locked the door" ndi ati anatseka.

Wa ku Chirunga: Kuwonjezera apo, kuno ku koleji aphunzitsi amatidula malikisi tikalemba ngati tikudziwa zonse. Amafuna may, might, appears to, suggests, is likely to. Poyamba ndinkaona ngati ndi mantha, koma ndi kunena zoona pa mlingo wa umboni womwe uli nawo. Asayansi a zanyengo a bungwe la IPCC anafika mpaka poika manambala pa mawuwa. M'malipoti awo likely ndi mwayi woposa 66 pa 100, very likely woposa 90 pa 100, virtually certain woposa 99 pa 100, pomwe unlikely ndi wosafika 33 pa 100. Pocheza palibe amawerengera choncho, koma zikusonyeza kuti timawu timeneti si tokongoletsera.

Nabanda, Chinamwali: Ndaphunzira zambiri koma dzuwa likupendeka ndipo ndikufuna imelo ipite lero. Ndayang'ana m'buku la pageti. Galimoto inatuluka Lachiwiri 4 koloko madzulo kupita ku Liwonde kukatenga matabwa, inabwera Lachitatu masana. Simenti ndinaiwerenga ndekha Lachiwiri 5 koloko, inali yokwana. Ndiye dalaivala kunalibe usiku umenewo. Ndilembe bwanji? Ndayamba chonchi: "I am sorry, I meant that I suspect the watchman."

Mwana wa mlonda, Chikanda: Ayi achemwali, chonde.

Wa ku Chirunga: Ayi asisi. Taonani, umboni womwe muli nawo ndi wokhudza dalaivala, ndipo ndi wamphamvu. Wokhudza mlonda mulibe. Lembani zomwe mukudziwa, zomwe mukungoganiza zisiyeni. Dzina la mlonda lisalowemo ngati woganiziridwa. Mungathenso kuwakumbutsa abwana mwaulemu kuti lamulo la zantchito la 2000, pa gawo 57, limati munthu asachotsedwe ntchito pa nkhani ya khalidwe asanapatsidwe mpata wodziteteza. Sanamuchotse, angomuimitsa, koma ndi bwino adziwe zisanafike patali.

Mphunzitsi wopuma, Matawale: Ndagwirizana nazo. Nabanda, yesa chonchi, usinthe pomwe ukuona:

"My earlier email was not clear. I do not know who took the cement. However, I doubt that the driver was involved: the gate book shows that the truck left at 4 p.m. on Tuesday and returned on Wednesday afternoon, and the stock was complete when I counted it at 5 p.m. on Tuesday. On Wednesday morning I found the back door lock not properly closed. I suggest that everyone with access to the keys be heard before any decision is made."

Waona? Doubt wabwerera, koma tsopano wakhala pamalo pake, akuteteza munthu yemwe uli ndi chifukwa chomutetezera. Za loko wazinena monga momwe unazionera, osamata dzina la munthu.

Nabanda, Chinamwali: "Everyone with access to the keys" ndiye kuti ndi ine ndemwe, poti makiyi a mu ofesi ndimawagwira.

Wa ku Chirunga: Inde, ndi inu nomwe. N'chifukwa chake abwana aikhulupirira kalatayo.

Nabanda, Chinamwali: Chabwino. Za gawo 57 ndazisiya kaye, ndikuopa angaone ngati ndikuwaopseza. Ndajambula tsamba la buku la pageti ndaphatikiza. Yapita.

Namwino, Ndola: Mwachita bwino mayi. Mutiuze zotsatira.

Wa fomu 4, Sadzi: Aphunzitsi, pomwe tikudikira, pambuyo pa doubt timaika that, if kapena whether?

Mphunzitsi wopuma, Matawale: Onse atatu amamveka ukamakayika: "I doubt that", "I doubt if", "I doubt whether". Polemba za mayeso whether kapena that ndi abwino. Koma ukakana chikayiko, that yekha: "I don't doubt that she is honest", "There is no doubt that". Kagone, mawa sukulu.

Nabanda, Chinamwali: Mwadzuka bwanji nonse. Abwana ayankha usiku womwewo. Alemba kuti "In that case I will give the driver the benefit of the doubt. I am coming on Friday to see everybody." Doubt uyu ndiye wandiopsanso. Ndi zabwino kapena zoipa?

Anti a ku Leeds: Ndi zabwino mwanawe. Akutanthauza kuti poti palibe umboni womutsutsa, amutenga ngati wosalakwa.

Mphunzitsi wopuma, Matawale: Ndi choncho, ngakhale ine ndikanakonda akanalemba kuti "the driver is cleared", chifukwa benefit of the doubt imasiya kachikayiko kali pomwepo, pomwe buku la pageti lanena momveka. Lachisanu ukaliike bukulo patebulo, aone ndi maso awo.

Mwana wa mlonda, Chikanda: Ndipo mlondayo Lachisanu pakhale munthu womumasulira, asakangomufunsa m'Chingerezi iye n'kumangoti "yes bwana" osamva chomwe akuvomera.

Nabanda, Chinamwali: Ndimumasulira ndine, ndipo ndikamuuza ndekha lero kuti abwere ndi m'bale wake ngati akufuna. Dalaivala ndamuimbira, wati ayambiranso ntchito mawa. Simenti sinapezekebe, kapitawo akuti tiwerengenso matumba onse masana ano pamodzi ndi zitsulo.